Yankho kwa msuweni pa za pleya ija

Eee ndamva, ndamva. Dikira kaye ndizimitse ketulo... Eya. Iwe msuweni, uthenga wako ndauona m'mawa ndili m'basi. Ati "pleya yako ija ili ndi zotani, nanga region free ndiye kuti chiyani?" Iweyo? Munthu woonera mpira pa foni yosweka galasi, lero wayamba kufunsa za mapleya oonetsera zimbale za mafilimu? Ine ndiwe tinakulira limodzi kwa agogo, usandipusitse.

Chabwino, ndikuuza. Yangayi ndi Oppo UDP-203. Inatuluka 2016, kenako 2018 kampaniyo inalengeza kuti yasiya kupanga mapleya, ndiye pano umangopeza yakaunjika, koma mtengo wake kuposa mmene inalili yatsopano. Imadya chimbale chilichonse: DVD, Blu-ray, 4K, CD, mpaka SACD ija ya anthu amene amamvera nyimbo atatsinzina. Kumbuyo kuli potulukira pa HDMI pawiri, pena pa chithunzi kupita ku TV, pena pa mawu okha kupita ku ampu, makina okuzira mawu aja. Tsono za region... ayi, ndisanafike uko, ukuwakumbuka amalume a ku Balaka?

Chaka chija anabwera kuchokera ku Joni ndi DVD pleya yawo yasiliva. Ankaifunditsa kansalu koluka, rimoti ili m'pulasitiki momwe inabwerera, mwana osayandikira. Ndiye azakhali a ku Indiana, ku America, atumiza zimbale za mafilimu, zenizeni, za m'makatoni. Amalume kuitana mpingo wonse! Mipando kukabwereka kutchalitchi, ana kukhala pamkeka, akuluakulu Fanta m'manja. Kulowetsa chimbale, TV yangolemba kuti wrong region. Kutulutsa, kupumirapo mpweya, kupukuta pamalaya, kubwezera. Chimodzimodzi. Anapakapo mankhwala otsukira mano... ayi, anapaka ndi mlamu wawo, iwo ankangolamula. Mapeto ake anati pali mwana wagwira rimoti, ndipo mwanayo unali iwe. Unalira mpaka mamina, haha. Tsiku limenelo tinaonera kwaya imodzimodzi katatu, amalume akuimba nawo mokweza ngati ndi zomwe anatiitanira. Mpaka lero amati ku America amagulitsa zimbale zowola.

Chonsecho zimbale zinali bwinobwino. Eni mafilimu anagawa dziko m'zigawo. Pa DVD, America ndi 1, South Africa ili pa 2 pamodzi ndi Ulaya, ife a Malawi tili pa 5 ndi India ndi Russia. Pleya ya amalume inali ya 2, zimbale za 1, zikanamvana bwanji? Pa Blu-ray ndi zilembo, A, B, C, ndipo Africa ndi Ulaya tonse tili pa B. Za 4K zilibe loko ameneyu. Region free ndiye pleya yochotsedwa loko, yosafunsa kuti chimbale chachokera kuti. Yanganso sinabwere choncho, amene anandigulitsa ndiye anaikamo kachipangizo.

Koma ukufunsa izi si chifukwa cha mafilimu, eti? Ndi chimbale chija cha ukwati wa achemwali, chimene agogo akuvina pa perekaniperekani. Ukufuna chikaonetsedwe pa chiliza mu Disembala, ndipo chikumaima panjira. Ndamva kwa amayi ako, osati ndalosera.

Mvera tsono. Chimbale chimenecho anachikopera pa kompyuta wojambula uja, chilibe region ayi. Vuto lake ndi kukandika, mwina ndi kukalamba komwe, poti zokopera pa kompyutazi zimatha mphamvu zikamakhala potentha. Chikanakhala cha region sichikanayamba n'komwe, chako chimayamba n'kukaimira pakati. Ndiye ndalama zako usataye pa makina odula. Chitsuke ndi madzi ndi kasopo pang'ono, upukute ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira, ukachikopere pa fulashi msanga chisanafe.

Wandimva? Pleya si vuto, usagule. Kopera pa fulashi, ziwiri, ina usunge kwa achemwali.

Ndipo ngati umaganiza kuti ndinyamula yangayi m'sutikesi, iwalako, ndi yolemera ndipo ndimaikonda kuposa iweyo. Ndanena kuti fulashi, msuweni, sabata ino yomweyi. Chikakanika kukopeka, chisunge m'katoni yake, ndidzayesa pa laputopu yanga ndikafika. Amalume asachigwire.