Mayunitsi akamatha msanga, yambani mwaona giza

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene mayunitsi a magetsi akuthera msanga chisamukireni ku Matawale, komanso ngati kugula sola kungathandize. Za sola akuyankhani ena. Ine ndinena za giza, thanki yotenthetsera madzi osamba ndi magetsi, poti ndi imene inandikhaulitsa.

Ndikuchita lendi ku Chinamwali, mayunitsi amene ankandifikitsa kumapeto kwa mwezi anayamba kutha pasanathe milungu iwiri, ndipo ndinkakalipira ana kuti akuchezera pa TV, chonsecho wolakwa anali giza ya kudenga. Giza ya panyumba imakoka mawati 2,000 kapena 3,000, kutanthauza mayunitsi awiri kapena atatu pa ola lililonse limene ikutenthetsa madzi, pamene babu la LED la mawati 9 limafuna maola oposa 100 kuti limalize yuniti imodzi. Kuno ku Zomba, mu June ndi July, madzi a pampopi amazizira kwambiri, ndiye giza yosiyidwa choyaka imangotenthetsa mobwerezabwereza usiku wonse anthu muli mtulo. Yanga inafika poipa chifukwa thermostat, kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira, inali itafa, moti madzi otentha ankadontha pa kapaipi ka kuseri kwa bafa mpaka khoma linachita ndere. Kusintha kachipangizoko kunandidyera pafupifupi K25,000 pamodzi ndi ya wokonza, koma mitengo yakwera kuchokera nthawi imeneyo.

Musanayitane aliyense, imani pa mita n'kuyang'ana kanyali kofiira kamene kamaphethira, wina azimitse swichi ya giza kenaka ayatsenso. Kakayamba kuphethira mothamanga, mwaipeza mbava yanu. Muziyatsa giza ola limodzi musanasambe, mukatha n'kuzimitsa.

Amene akulangizani kuti muzizula matchaja a foni sakunama, koma zimenezo n'zochepa kwambiri mwakuti simudzaona kusintha pa mita. Nyemba zouma zophikidwa maola atatu pa hotplate ndiye zimadya ndalama, choncho muzizinyika m'madzi usiku wonse musanazitereke.

Chenjeraninso ndi anyamata amene amayenda m'makomo kunena kuti angathe kuichititsa mita kuti iziyenda pang'onopang'ono. Kumeneko n'kuba magetsi, ndipo a ESCOM akapeza amadula magetsiwo n'kulipiritsa chindapusa, eni nyumba n'kukusandutsani mdani. Wobwera ndi nkhani imeneyo musamulole ngakhale kukhudza bokosi la mita.