Kugonjetsa onse ku Kapata sikokwanira, mphwanga

Mnyamata wina wa ku Kapata wandilembera email akuti pa matebulo a pool a kwawo palibe womugonjetsa, ndiye achite bwanji kuti akhale pro komanso ma sponsor amuone. Funsoli landikhudza zedi chifukwa ine ndakulira pa matebulo a ma token aja, a mabola ofiira ndi achikasu, ndipo ndinali ndi mnzanga amene dzanja lake sindinaonenso lofanana nalo muno m'Chipata. Anthu ankachoka ku Katete kudzamuyesa n'kubwerera m'thumba mulibe ngakhale ya basi. Koma iye ankangosewera zobetcha, akawina ndi mowa mpaka mbandakucha, akaluza ndi ndewu, mpikisano weniweni sanaupondeko ndipo pano ndodo anaisiya. Zimandiwawabe mpaka lero, mwina n'chifukwa chake ndikuyankha molimba chonchi.

Kulowetsa mabola aliyense wa pa bala amatha. Katswiri timamuonera pa bola loyera, kuti akamenya likaima pati, amakhala atawerenga kale mabola atatu anayi kutsogolo, ndipo zikavuta sachita manyazi kusewera safety n'kumubisira mnzake. Kwathu kuno ukabisa amakuseka ati ndiwe wamantha, ameneyo ndi umbuli basi ndipo ndi umene ukupha luso la ana athu. Efren Reyes wa ku Philippines ali mwana ankagona pa tebulo la pool ku Manila, anadzawina World Nine-ball, mpikisano wa pool wa dziko lonse, mu 1999 ndipo mu 2006 anatenga $500,000 pa mpikisano umodzi, koma kaonereni mavidiyo ake, munthu samenya mwaukali, amangolikankha bola pang'onopang'ono uku akumwetulira ngakhale zinthu zitathina. Shane Van Boening wa ku America ali ndi vuto la kumva, mpikisano wa pool wa US Open anauwina kasanu chifukwa cha kuyeserera yekhayekha maola ambirimbiri, makamaka break, kumenya koyamba kobalalitsa mabola kuja. Yekha, opanda omukuwira, opanda kubetcha.

Za ma sponsor

Apa ndiye ambiri samvetsa. Wabizinesi sakulipira chifukwa choti umawina, akufuna anthu akuyang'ane ndipo poyang'anapo aone dzina la shopu yake pa malaya ako. Jeanette Lee, mayi wosewera pool wa ku America, ankavala zakuda zokhazokha mpaka dzina loti Black Widow linamukakamira, ndipo anthu osadziwa n'komwe malamulo a pool ankamudziwa. Mosconi Cup, ija ya Europe ndi America imene inayamba mu 1994, imakoka anthu chifukwa osewera amaonetsa mtima wawo ndipo oonerera amaimba ngati ali ku bola. Ena mundiuza za Earl Strickland wa ku America kuti amakalipa koma n'ngotchuka, ee, koma uja anawina World Nine-ball katatu, iwe ukakalipa pa tebulo la ku Mchini palibe wa hardware amene angaike dzina lake pamsana pako. Ine ndimakana ndithu zoti ukali umagulitsa munthu, chimene chimagulitsa ndi nkhope yoti anthu aikumbukire ndi khalidwe loti wandalama asachite nawe mantha.

Ndiye iwe mphwanga, phunzira malamulo enieni a blackball, pool ya mabola ofiira ndi achikasu ija, osati a pa bala amene amasintha malinga ndi mwini tebulo, lowa mu kilabu, gula ndodo yakoyako, uzipita ku mipikisano ngakhale ku Lusaka n'kukaluza. Wina azikujambula pa foni uziika pa Facebook ndi TikTok. Sponsor woyamba usakamusake kutali, yamba ndi wa shopu ku Down Shops, umupemphe jezi ndi thiransipoti basi.