Funsani Achipatala: kamwedwe ndi zoopsa za mankhwala a matenda okhumudwa

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za amitriptyline ndi fluoxetine, mankhwala awiri amene zipatala zathu zimapereka kawirikawiri kwa odwala matenda okhumudwa.

Ndinayamba kumwa fluoxetine masiku 10 apitawo. Mtima ukadali wolemera ngati kale, kuwonjezera apo ndikumva nseru ndipo tulo sindikupeza. Kodi mankhwalawa sakundiyanja? Ndisiye?
*Mayi wa ku Ndirande*

Musasiye, mayi. Mankhwalawa sali ngati panado woti mwamwa tsopano, pakatha ola mutu waleka. Amasintha pang'onopang'ono mmene ubongo umagwiritsira ntchito serotonin (kemikolo yonyamula mauthenga mu ubongo), ndipo kupepukidwa kumayamba kumveka pakatha masabata 2 mpaka 4, kwa ena mpaka 6. Chimene chimagwetsa anthu ulesi n'chakuti zovuta zake zimafika msanga pamene ubwino wake umachedwa. Nseru, mutu, kutsegula m'mimba pang'ono ndi kusowa tulo zimachepa zokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Kapisozi wanu wa 20mg muzimwa m'mawa mutadya kaye, ngakhale phala lokha. Mukamamwa madzulo ndiye kuti mukudzisowetsa tulo nokha. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani. Likadutsa tsikulo, pitirizani mawa lake monga mwa masiku onse, osamwa awiri pofuna kubweza la dzulo. Kawirikawiri zimayamba kubwerera ndi tulo, chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zogwira ntchito zapakhomo, ndipo apabanja amaziona msanga kuposa mwini wake. Masabata 6 akatha popanda kusintha, bwererani kuchipatala. Dokotala akhoza kukweza mlingo kufika 40mg kapena kukusinthirani mankhwala.

Samalani ndi mankhwala opha ululu ogula pagolosale. Brufen, diclofenac ndi aspirin akaphatikizana ndi fluoxetine amawonjezera chiopsezo chotaya magazi m'mimba, ndipo chizindikiro chake ndi chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi. Tramadol ndiye woopsa mwa njira ina: amachulukitsa serotonin mopyola muyeso, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kutentha thupi, minofu kukokana ndi kusokonezeka mutu. Zikatero n'zothamangira kuchipatala. Mutu ukawawa, panado ndiye woyenera.

Ndamwa mankhwalawa miyezi itatu ndipo ndikupeza bwino. Anzanga akuti ndikapitiriza ndizolowera ngati fodya. N'zoona?
*Mphunzitsi wa ku Dedza*

Aphunzitsi, anzanuwo asokoneza zinthu ziwiri. Mankhwalawa sapatsa chibaba, ndipo munthu safuna kumawonjezera mlingo kuti amve kukoma. Amene amachita zimenezo ndi diazepam ndi anzake, omwe si mankhwala a matenda okhumudwa ngakhale ena amawamwera nkhawa ndi tulo. Chilipo n'chakuti thupi limazolowera kukhala nawo, choncho mukawadula mwadzidzidzi limadandaula: chizungulire, nseru, maloto oopsa, kupsa mtima msanga, ena amamva ngati magetsi awagwira m'mutu. Zimenezi zimayamba pakangotha masiku ochepa, pamene matenda enieniwo akamabwerera amabwera mwakachetechete pakapita masabata. Fluoxetine amachedwa kuchoka m'thupi, amatenga masabata angapo, n'chifukwa chake savutitsa kwambiri posiya poyerekeza ndi amitriptyline.

Miyezi itatu yachepa. Malangizo a bungwe la World Health Organization akuti munthu apitirize kwa miyezi 9 mpaka 12 kuchokera pamene wapeza bwino, chifukwa osiya msanga ndiwo amadwalanso kawirikawiri. Nthawi yosiya ikakwana, dokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata osachepera 4, ndipo amene wamwa zaka amafunika nthawi yotalikirapo. Musamadikirenso kuti piritsi lomaliza lithe. Muzipita kukatenga ena kukadali sabata, kuti mukapeza atha kuchipatala mukhale ndi mpata wofunafuna kwina.

Mayi anga a zaka 68 anapatsidwa amitriptyline. Akudandaula kuuma mkamwa, ndipo dzana anatsala pang'ono kugwa podzuka usiku. Pakhomo pali adzukulu ang'onoang'ono. Tichite chiyani?
*Mwana wawo, Kasungu*

Mwachita bwino kulemba, chifukwa pa mankhwala awiriwa amitriptyline ndiye wofuna maso. Amathandiza ndithu, makamaka kwa amene tulo tinawathawa, ndipo pa mlingo wochepa amaperekedwanso kwa odwala dzanzi ndi kuotcha kwa mapazi. Koma amaumitsa mkamwa, amadzimbitsa, amachititsa kuona mwachimbuuzi, amapatsa tulo tambiri ndipo amatsitsa kuthamanga kwa magazi munthu akaimirira. Chizungulire cha amayiwo chikuchokera pamenepo. Kwa munthu wachikulire kugwa si nkhani yaing'ono, fupa la m'chiuno silichedwa kuthyoka.

Munthu wamkulu amayamba ndi piritsi limodzi la 25mg pogona, kenaka dokotala amawonjezera sabata ndi sabata mpaka 100mg kapena 150mg. Okalamba amakwezedwa mosathamanga ndipo ambiri amaima pa 50mg kapena 75mg. Onani m'buku lawo la kuchipatala mlingo umene analemberedwa, muufanizire ndi umene akumwadi. Pogona, ikani nyale kapena tochi pafupi. Akamadzuka ayambe akhala tsonga kwa mphindi imodzi kapena ziwiri asanaimirire. Azimwa madzi pafupipafupi, ndipo masamba ndi zipatso monga mapapaya zisasowe chifukwa cha kudzimbidwako. Musadikire tsiku lawo lobwerera kuchipatala: pitani nawo sabata ino mukafotokoze za kugwako, mwina awatsitsira mlingo kapena kuwapatsa fluoxetine. Ngati ali ndi matenda a mtima, khunyu kapena matenda a maso a glaucoma, nenani, chifukwa amitriptyline sayenerana ndi matenda amenewa. Kwa abambo achikulire a vuto la prostate (kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo), amatha kutsekereza mkodzo.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Mankhwala a malungo a LA sagwirizana bwino ndi amitriptyline, chifukwa amachedwetsa kuchoka kwake m'thupi ndipo onse awiri amakhudza kagundidwe ka mtima. Malungo asalekedwe osachiza ayi, koma wolemba mankhwalayo auzidwe zimene amayi akumwa kale kuti asankhe bwino. Chimodzimodzi ndi mankhwala a TB, omwe amafooketsa mphamvu ya amitriptyline, ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, omwe amaikweza.

Za adzukuluwo tikunenetsa: mapiritsi ochepa okha a amitriptyline akhoza kupha mwana. Asakhale pawindo, pansi pa pilo kapena m'kachikwama ka agogo. Atsekereni m'bokosi kapena m'kabati ya loko. Wina aliyense akamwa mopyola muyeso, mwangozi kapena mwadala, musamusanzitse, musamupatse mkaka n'kumadikira. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula paketi yake, ngakhale akuoneka bwinobwino, chifukwa kukomoka, kuphupha ndi kusokonekera kwa mtima zimatha kubwera pakapita maola.

Mwana wanga wa zaka 19 wayamba fluoxetine sabata yatha. Sakukhazikika, akungoyendayenda, ndipo dzulo anati bola kufa. Kodi ndi mankhwalawa?
*Bambo wa ku Mzuzu*

Bambo, pitani naye kuchipatala lero lomwe. Kwa achinyamata osakwana zaka 25, maganizo ofuna kudzipha amatha kukula m'masabata oyamba kapena mlingo ukangosinthidwa. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linalamula chenjezo limeneli mu 2004 kwa ana, ndipo mu 2007 linawonjezera a zaka 18 mpaka 24. Matendawo paokha amabweretsanso maganizo otere, ndiye kusiyanitsa kwake asiyireni achipatala. Kusakhazikika kumene mukunenako kumatha kuchokera ku mankhwala, ndipo kumazunza kwambiri.

Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupatsa mpata wolankhula. Musamukalipire kapena kumuchititsa manyazi. Asakhale yekha, mankhwala ake muzisunga ndinu n'kumamupatsa la tsikulo, ndipo chotsani pakhomo mankhwala ophera tizilombo m'munda ndi a makoswe, zingwe ndi mapiritsi ena onse. Kwanuko kuli chipatala cha St John of God, chomwe chilinso ku Lilongwe. Kum'mwera kuli Zomba Mental Hospital, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a matenda a maganizo.

Muuzenso dokotala ngati mnyamatayo amasuta chamba, kapena ngati inalipo nthawi imene ankakhala masiku osagona koma osatopa, akulankhula mosalekeza, kumwaza ndalama ndi kudziona ngati munthu wamkulu zedi. Zimenezo zimaloza ku matenda a bipolar, ndipo mankhwala a kukhumudwa akaperekedwa okha kwa munthu wotere amatha kuwabukitsa.

Chiyambireni mankhwalawa chilakolako cha m'banja chinachepa. Komanso kodi botolo limodzi Loweruka n'kulakwa?
*Bambo wa ku Mangochi*

Fluoxetine amachitadi zimenezi kwa amuna ndi akazi omwe: chilakolako kuchepa kapena kuchedwa kumaliza. Kwa ambiri zimatha mlingo ukatsitsidwa kapena mankhwala akasinthidwa, ndiye musachite manyazi kumuuza dokotala, ndipo akunyumba afotokozereni asayambe kuganiza zina. Mankhwala azitsamba opatsa mphamvu musawaphatikizepo musanafunse. Mowa umakulitsa kukhumudwa komwe mukuchizako, ndipo ukakumana ndi amitriptyline tulo timapitirira muyeso, zomwe n'zoopsa kwa oyendetsa galimoto kapena kabaza wa njinga yamoto. Ulekeni pa nthawi yonse ya mankhwala.

Ndazindikira kuti ndine woyembekezera ndili pa mankhwala. Ndisiye lero?
*Mayi wa ku Mulanje*

Ayi, musasiye panokha. Kukhumudwa kosachizidwa kumavulazanso mayi ndi mwana, chifukwa mayi sadya bwino, sagona ndipo amajomba kusikelo. Pitani sabata ino mukaonane ndi amene anakulemberani mankhwala, ndipo anamwino akusikelo alembe dzina la mankhwalawo m'buku lanu. Ngati matendawo ndi ocheperako, akhoza kukuikani pa uphungu wokha. Ngati ndi aakulu, amasankha mlingo wotsika womwe ukugwirabe ntchito. Mukachilire kuchipatala, chifukwa mwana wobadwa kwa mayi womwa mankhwalawa amafunika kumuyang'anira masiku oyamba ngati akunjenjemera, akulira mosatonthozeka kapena akuvutika kuyamwa. Poyamwitsa, madokotala ambiri amakonda sertraline, mankhwala enanso a matenda okhumudwa, kumene akupezeka, chifukwa amalowa mumkaka pang'ono kwambiri.