Mafunso Anu: Kodi wa "reserve" angavale nyenyezi zinayi?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndine mtsikana wa Fomu 4 kuno ku Zomba, khumbo langa ndikudzayendetsa ndege za asilikali. Pa Facebook ndinaona chithunzi cha mzimayi wina wa ku America dzina lake Maryanne Miller atavala yunifomu ya nyenyezi zinayi, chizindikiro cha jenerale wamkulu, akuti anakhalapo mkulu wa Air Force Reserve. Nde achimwene anga akuti palibe chogometsa apa, akuti a reserve ndi asilikali opuma ntchito ongokhala pakhomo kudikira nkhondo. Zoona zimenezi? Nanga iyeyu anafika bwanji pamenepo?

YANKHO: Chemwali, achimwene anuwo apa aphonya, muwauze mwaulemu koma muwauze ndithu.

Air Force Reserve ya ku America inakhazikitsidwa mu 1948 nthawi ya Pulezidenti Harry Truman ndipo ili ndi anthu pafupifupi 70,000. Ambiri mwa iwo ndi anthu a ntchito zawo, wina nesi wina makaniko wina payiloti wa ndege za anthu wamba, koma mwezi uliwonse pamakhala wikendi imodzi yoti avale yunifomu apite ku kampu, kuphatikizanso masabata awiri pachaka. Apayiloti okha amapitako kupitirira pamenepo chifukwa ndege siyiyendetsedwa ndi nzeru za chaka chatha, ukakhalitsa osauluka amakuyimitsa kaye mpaka uyesedwenso. Ndiye tangoganizani munthu Lachinayi watsitsa mapasenjala pa eyapoti, Loweruka ali mu ndege ya asilikali wanyamula katundu wa nkhondo kupita kutsidya kwa nyanja, Lolemba abwana ake akumudikira kuntchito. Mpaka kuli lamulo la 1994 loletsa makampani kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti waitanidwa ku usilikali. Kumeneko mungati kupuma?

Tsono za mayi Miller. Anamaliza digiri yawo ku Ohio State University mu 1981 nkulowa usilikali ngati ofesala. Nthawi imeneyo nkuti patangopita zaka zochepa chiyambireni Air Force kuphunzitsa azimayi upayiloti, oyamba anamaliza mu 1977, ndipo ndege zomenyera nkhondo zija zinali zoletsedwabe kwa azimayi mpaka 1993. Iwo njira yawo inali ya ndege zikuluzikulu zonyamula katundu ndi asilikali, monga C-141, C-5 ndi C-17, komanso KC-10 yomwe inkathira mafuta ndege inzake zonse zili mmwamba zikuuluka. C-5 imeneyo si masewera, mphuno yake imatseguka yonse kukwera mmwamba thanki ya nkhondo nkulowa ngati galimoto mu galaja.

Mayi Miller anayamba ngati msilikali wa tsiku ndi tsiku kenako anasamukira ku reserve, komwe anakwera pang'onopang'ono mpaka kutsogolera magulu athunthu a ndege ku Scott Air Force Base ku Illinois komanso ku Travis ku California. Maola awo ali mmwamba anapitirira 4,800. Mukawerengetsa bwino ndi masiku 200 usana ndi usiku osatera pansi, kaya msana umakhala bwanji.

Mu July 2016 anawasankha kukhala mkulu wa Air Force Reserve, mzimayi woyamba pa mpando umenewo, apa nkuti ali ndi nyenyezi zitatu. Yachinayi ija mwaiona pachithunzi inabwera mu September 2018 atapatsidwa Air Mobility Command, nthambi yoyang'anira ndege zonyamula katundu, zothira mafuta mmwamba ndi zonyamula ovulala. Apa mpomwe mfundo ya achimwene ikugwera pansi, chifukwa nthambi imeneyi si ya reserve ayi, ndi ya asilikali a tsiku ndi tsiku, ndipo iwo anali munthu woyamba wochokera ku reserve kuyitsogolera. Anapuma mu 2020, mpando nkusiyira mzimayi mnzawo Jacqueline Van Ovost, nayenso payiloti.

Ine chomwe chimandisangalatsa nchoti anthu timatengeka ndi tindege tothamanga tija ta mmakanema, koma nkhondo popanda wobweretsa mafuta, zakudya ndi zipolopolo siyipita patali, ndipo akuluakulu a asilikali amadziwa zimenezo nchifukwa chake wa ndege za katundu anafika pamwamba chonchi.

Kwa inuyo, dongosolo la ku America musalitenge ngati ndi lomwelo kuno kwathu, lathu ndi lina. Poti muli ku Zomba komwe kuli asilikali athu a ndege, muzitchera khutu Malawi Defence Force ikalengeza zolemba anthu ndipo muziwerenga zofunikira zake nokha osati zomva kwa anzanu. Pakadali pano limbikirani masamu, fizikisi ndi Chingerezi pa MSCE, muzithamangako mmawa, komanso mukapimitse maso kuchipatala, chifukwa pa ntchito imeneyi maso amawayeza mosanyengerera.