Envulopu Imayamba Kulankhula Isanatsegulidwe

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wogwira ntchito m'bungwe laling'ono lothandiza ana osamva. Akukonzekera kutumiza makalata opempha thandizo la ndalama, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kusindikiza pa envulopu mawu ofiira akuti "Tsegulani Mwamsanga", monga momwe mnzawo wina wawalangizira. Mayi, ndakhala masiku atatu ndisanakuyankheni, chifukwa funso lanuli landikumbutsa chinthu chimene ndinachita ine mwini, ndipo mpaka lero chimandiwawa mumtima.

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito m'bungwe lina limene linali pa mavuto aakulu a ndalama, moti tinkaopa kuti ntchito yathu iima chaka chisanathe. Udindo wokonza makalata opita kwa anthu otithandiza unali wanga. Poona kuti makalata a chaka cham'mbuyo sanabweretse zambiri, ndinaganiza kuti vuto linali lakuti anthu sankawatsegula n'komwe, choncho ndinasankha envulopu yoyera yokhala ndi windo, kazenera kamene adiresi ya pa kalata imaonekera, ndinachotsapo dzina la bungwe, n'kulemba ndi inki yofiira kuti "Chidziwitso Chomaliza". Ndinkadziwa bwino zimene ndinkachita. Envulopu ya windo, imene Americus Callahan wa ku Chicago anailembetsa monga luso lake mu 1902, inapangidwa kuti makampani asamalembe adiresi kawiri, pa kalata ndi pa envulopu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anthu akaiona amaganiza za mabanki, misonkho ndi ngongole. Mantha amenewo ndi amene ndinafuna kuwagwiritsa ntchito.

Patapita milungu iwiri tinalandira kalata yolembedwa pamanja yochokera kwa mayi wina wachikulire amene anakhala akutithandiza kwa zaka zambiri. Anafotokoza kuti amuna awo anali atamwalira kumene, ndipo ataona envulopuyo anaganiza kuti malemuwo anasiya ngongole imene iwo sankaidziwa. Maso awo sankaonanso bwino zilembo zing'onozing'ono, motero anagona osaitsegula, ngati n'kugona kumene, kudikira mwana wawo kuti adzawawerengere m'mawa. M'kalatamo munalibe mawu achipongwe ngakhale amodzi. Anaikamo thandizo lawo monga mwa nthawi zonse, kenako anapempha mwaulemu kuti dzina lawo tilichotse pa mndandanda wathu. Ndinawalembera kalata yopepesa, koma sanayankhe, ndipo ndikuona kuti analibe chifukwa choti ayankhire.

Akatswiri a ntchitoyi amakonda kunena kuti envulopu ili ndi ntchito imodzi yokha, ndiyo yoti itsegulidwe. Kale ndinkavomereza mawu amenewa, koma tsopano ndimawakana kwamtuwagalu, chifukwa envulopu imene yatsegulidwa ndi munthu amene wapusitsidwa yawononga kale kalata imene ili m'kati mwake. Munthuyo akamawerenga chiganizo choyamba amakhala atadziwa kale kuti mwamunamiza kamodzi, ndiye adzakhulupirira bwanji mukamamuuza kuti ndalama zake zikagulira ana zipangizo zothandiza kumva? Bungwe lopempha thandizo lilibe katundu wogulitsa amene munthu angamugwire n'kumuyesa. Chimene lili nacho ndi chikhulupiriro cha anthu basi, ndipo kuchitaya chifukwa chofuna kuti kalata imodzi itsegulidwe ndi kuwotcha nyumba pofuna kupha khoswe.

Maganizo omwewa ndili nawo pa zithunzi. Ndaona maenvulopu ambiri okhala ndi nkhope ya mwana akulira, ndipo nthawi zonse ndimadzifunsa ngati makolo ake anauzidwa kuti nkhopeyo idzadutsa m'manja mwa anthu osankha makalata, idzadindidwa chidindo, ndipo nthawi zambiri idzathera m'bini. Ana anu osamvawo ali ndi ulemu wawo. Ngati mukufuna chithunzi, pemphani chilolezo chomveka bwino kwa makolo, ndipo sankhani chosonyeza mwana akuphunzira kapena akulankhula ndi manja, osati chomuchititsa manyazi akadzakula.

Sindikunena kuti mawu osonyeza changu ndi oletsedwa. Ngati kuli tsiku lenileni limene ndalamazo zikufunika, lilembeni tsikulo ndi chifukwa chake, pakuti chimenecho ndi choonadi ndipo wowerenga ayenera kuchidziwa. Chimene ndikukana ndi changu chopeka, chimene chimabwerezedwa mwezi ndi mwezi mpaka anthu atazolowera kuchinyalanyaza, kotero kuti tsiku limene vuto lenileni lagwa palibenso amene akutekeseka.

Nanga mukonze bwanji?

Lembani dzina la bungwe ndi adiresi yobwezera moonekera. Ngati kalata yanu ndi pepala la A4 lopindidwa patatu, envulopu ya DL, ya mamilimita 110 ndi 220, ikukwanira. Ngati mwalipinda pawiri kapena mukuikamo kabuku, tengani C5, ya mamilimita 162 ndi 229. Musaiwale envulopu yaing'ono yoyankhira yolembedwa kale adiresi yanu, ndipo muiyese ndi manja anu kuti ikulowa bwino m'yaikuluyo komanso kuti fomu yoperekera thandizo ikulowa mwa iyo, musanalamule osindikiza. Siyani malo opanda kanthu pozungulira adiresi ndi m'munsi mwake, chifukwa m'mayiko ambiri makina ndi amene amawerenga adiresi n'kudindapo zizindikiro zawo, ndipo onetsani chitsanzo ku positi ofesi musanasindikize zambiri. Sitampu yeniyeni ndi adiresi yolembedwa pamanja zimapatsa kalata maonekedwe a chinthu chochokera kwa munthu, choncho ngati mndandanda wanu ndi waufupi, chitani zimenezo makamaka kwa amene akhala nanu nthawi yaitali.

Mukafuna kudziwa ngati chiganizo cha pa envulopu chikuthandiza, gawani mndandanda pawiri mosasankha, theka lilandire envulopu yokhala ndi chiganizo choona chimodzi, theka linalo yopanda mawu, ndipo ikani kachizindikiro kosiyana pa mafomu kuti mudziwe kumene yankho lililonse lachokera. Musawerengere ndalama za mwezi woyamba zokha. Dikirani chaka chamawa muone kuti ndi angati m'gulu lililonse amene akupitiriza kukuthandizani, chifukwa envulopu yanga ya mawu ofiira ija inaoneka ngati yapambana m'milungu yoyamba, ndipo dzina la mayi achikulire aja ndinalifufuta ndekha pa mndandanda mwezi womwewo.