Musanasankhe mitundu, kaimeni kaye pa Lizulu

Achimwene, mwafunsa kuti pulogalamu yanu yoti alimi a mbatatesi azilembamo zomwe agulitsa izioneka bwanji kuti anthu asamavutike nayo. Za mitundu ndi zithunzi zidikire kaye. Yambani ndi foni yomwe ili m'manja mwa mlimiyo.

Pitani pa Lizulu tsiku la msika, kapena ku Tsangano, mukaone mafoni omwe amayi akumasula pa mfundo ya chitenje. Ambiri ndi a mabatani, ma itel aja, kagalasi kake kochepa ngati bokosi la machesi. Anthuwa anazolowera kale *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba: kusankha nambala, kudina, kudikira yankho. Ine ndingatsate njira yomweyo ya USSD. Kungoti uthenga umodzi sungapitirire zilembo 182, ndipo munthu akachedwa kuyankha imaduka, ayambirenso poyamba. Ndiye funso likhale limodzi pa tsamba, lalifupi, m'Chichewa cha pamsika. Ngati iwo amagulitsa pa thumba ndi pa ndowa, musawafunse makilogalamu. Zisanasungidwe, foni ibwereze zomwe munthu walemba: "Matumba 4. 1 Ndi zoona, 2 Konzani." Ziro mmodzi wolowa mwangozi angathe kudanitsa anthu m'gulu, ndipo mlimi akapsa kamodzi sabwereranso.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: pulogalamuyi musaiyese pa mnzanu wa ku koleji. Jakob Nielsen, katswiri woona ngati mapulogalamu ndi osavuta kugwiritsa ntchito, analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha oyesa pulogalamu amatha kuonetsa pafupifupi 85 peresenti ya zovuta zake. Pezani alimi asanu enieni, pakhale amayi, pakhalenso wamkulu yemwe maso ayamba kuvuta. Muuzeni kuti, "Lembani kuti mwagulitsa ndowa ziwiri," kenako mutseke pakamwa. Zimawawa kuona munthu akusochera pa chinthu chomwe mwachezera usiku, koma musamulozere. Onani pomwe chala chaima, pomwe wayandikitsa foni kumaso, pomwe wayang'ana mwana wake kuti amuthandize. Lembani malo amenewo.

Musadalire kufunsa kuti "mwaiona bwanji?" Anthu akwathu ndi aulemu, adzati ili bwino zedi ngakhale yawazunguza mutu.

Kayeseni panja, dzuwa likuwomba pagalasi, pa foni yawo osati yanu, ndipo mayunitsi muwagulire ndinu. Mukakonza zomwe mwaonazo, kapezeni ena asanu ku Bembeke muyesenso.