Ntchito ya bungwe kapena ya boma? Yankho kwa achemwali a ku Chibavi

Achemwali ena a ku Chibavi andilembera imelo. Anamaliza maphunziro a unamwino, ndipo bungwe lina lawaitana ku pulojekiti ya zaumoyo ya zaka ziwiri, malipiro ake onona. Akudikiranso kulembedwa ntchito m'boma. Amalume awo akuti "zamabungwezi n'zongodyerapo, sizinathandizepo Mmalawi." Akufunsa kuti atani.

Achemwali, mawu a amalume anuwo andikanda pachilonda.

Akulu anga anamwalira mu 2003. Anali mphunzitsi wa pulayimale kwathu ku Mzimba, ndipo atafooka tinawabweretsa kunyumba kwanga ku Zolozolo, mumzinda wa Mzuzu. Ndimakumbukira mashingozi kumsana, zilonda m'kamwa zomwe zinkawakanikitsa kumeza ngakhale phala, ndi chitenje chomwe chinayamba kuwazungulira kawiri. Anthu obwera kudzazonda ankanong'ona panja kuti "ndi kaliwondewonde", akalowa m'nyumba n'kumati ndi malungo. Ma ARV analipo kale padziko pano, koma kuno anali ogula, ndipo malipiro a mphunzitsi sakanakwanitsa mwezi ndi mwezi. Tinagulitsa makina osokera a amayi, ndalama zake zinathera mayendedwe ndi mankhwala a chifuwa. Anasiya ana atatu, wotsiriza asanayambe sukulu. Ndinawalera ndine.

Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere ndi ndalama za Global Fund, thumba la mayiko lothandiza kulimbana ndi Edzi, TB ndi malungo. Chaka chimodzi chokha! Mayi wina woyandikana nafe, amene tinali titamutaya kale mumtima, anafika pamzere umenewo. Lero amagulitsa tomato mumsika waukulu, ali ndi zidzukulu. Mu 2011 Malawi anayamba kupatsa amayi onse oyembekezera omwe ali ndi kachilombo mankhwala a moyo wonse, njira ya Option B+, ndipo mayiko ena anadzatengera kwa ife. Mu 2019 ana athu ndiwo anali oyamba kulandira katemera wa malungo, a ku Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Munthu wonena kuti thandizo lakunja silinathandizepo Mmalawi sanasambitsepo m'bale wake wosatha kudzuka. Zimenezo sindingazimvere, kaya wanena ndi wamkulu.

Komatu zimene amalumewo akuona ndaziona nanenso, ndipo zimandipsetsa mtima. Ndakhalapo m'misonkhano kunyanja ku Nkhata Bay komwe anthu amasayinira alawansi m'mawa, pofika masana holo yatsala theka. Kumudzi kwathu bungwe lina linakumba mjigo, linajambulitsa ana akutunga madzi, linakhoma chikwangwani. Mjigo utawonongeka panalibe wodziwa kogula zipangizo, komiti sinaphunzitsidwe kusonkhetsa ndalama zokonzera, ndipo amayi anabwerera kudambo. Chikwangwani chidakalipo. Pulojekiti yosakonzekera tsiku lochoka ndi yoipa, ngakhale malipoti ake akhale okongola chotani.

Ife a ku Mzuzu tiyenera kudziwa zimenezi kuposa ena. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan. Boma litasankha ubale ndi China kumapeto kwa 2007, madokotala a ku Taiwan ananyamuka. Odwala a ku Karonga kapena Chitipa amene amatumizidwa pachipatalapo sanafunsidwe maganizo. Mu Januwale 2025 zinachitikanso: boma la America linaimitsa thandizo lakunja, kenako bungwe lake lopereka thandizo la USAID linatsekedwa, ndipo achinyamata ambiri ogwira ntchito m'mapulojekiti anangouzidwa kuti akhale kunyumba. Chisankho chimapangidwa ku Washington, ululu wake umamveka ku Chiputula.

Nanga ndalama zathu zili kuti?

Apa ndiye pamene ndimauma mutu. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife sitifikapo. Mu 2013 kunabuka Cashgate, opereka thandizo anasiya kuika ndalama mwachindunji mu bajeti ya boma, ndalama zambiri zinayamba kudzera m'mabungwe. Ndiye tikamadandaula kuti mabungwe achuluka, tizikumbukira amene anawatsegulira khomo. N'zochititsa manyazi kuti mankhwala osunga moyo wa anthu athu pafupifupi onse amalipiridwa ndi misonkho ya anthu a mayiko ena.

Kusukulu n'chimodzimodzi. Mu 1994 a Bakili Muluzi anachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira m'makalasi oposa miliyoni imodzi owonjezera. Chinali chinthu chabwino, akulu anga ankachiyamikira ngakhale ankaphunzitsa pansi pa mtengo. Koma mpaka lero mwana wa sitandade 1 amakhala m'kalasi lodzaza thothotho, ndipo m'masukulu ambiri chimene chimamusunga mpaka koweruka ndi phala la Mary's Meals. Phalalo ndimalithokoza. Chomwe ndimakana ndi chakuti aphungu athu azilitenga ngati lawachotsera udindo.

Tsono za ntchito yanu. Itengeni ya bungweyo, musakhale pakhomo podikira kalata ya boma imene tsiku lake simukulidziwa. Musanasayine, funsani kumene ndalama za pulojekitiyo zikuchokera, ngati ikugwira ntchito limodzi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma, ndiponso amene adzatenge odwalawo ikadzatha. Kalembera wanu ku Nurses and Midwives Council asathe ntchito, muzisunga kangachepe mwezi uliwonse, ndipo boma likadzaitana ku intavyu mudzapite.